Fatsani M'chipinda cha Eni Ake

Panali munthu wina m'tauni ina, wowotcherera zitsulo, dzina lake Fatsani. Ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo pa shedi yake ya malata, m'mbali mwa msewu wopita kumsika. Anali munthu wosachuluka mawu. Anthu ankati ukamuuza Fatsani nkhani, ndiye kuti waikwirira pansi.

Mowa sankamwa, ndipo kumagule sankapitako. Chomusangalatsa chinali chimodzi, gemu ya mpira ya pafoni. Magetsi akathima ntchito n'kuima, ankakhala pa chitini cha penti, foni m'manja, n'kumasewera ndi amuna ena amene sanawaonepo ndi maso.

M'gemumo munalibe pochezera pabwino. Choncho mmodzi wa osewerawo, amene ankadzitcha Mphenzi, anatsegula chipinda chochezeramo pa apu ina ya kampani yakunja, n'kuitaniramo anzake asanu ndi mmodzi. M'chipindamo ankalemberana, ankatumizirana zithunzi, ndipo posewera ankalankhulana ndi mawu ngati akhala pakhonde limodzi. Aliyense anali ndi dzina lake la mmenemo. Mphenzi, woyang'anira chipindacho, ankagwira ntchito ku Joni. Wina ankatchedwa Dokotala, ngakhale sanali dokotala, ankangogulitsa mankhwala pa famase ina kumpoto. Fatsani ankatchedwa Chitsulo. Mayina a enawo tisavutike nawo.

Tsiku limene Fatsani ankalowa mu apuyo, panabwera chikalata chachitali cha m'Chingerezi, cha timalemba ting'onoting'ono, ndipo pansi pake panali poti munthu avomereze. Anavomereza osawerenga. Anzake onse anachita chimodzimodzi. Ndikhulupirira kuti nanunso munatero.

Zinadutsa zaka ziwiri. Ubwenzi wa amunawa sunali wachiphamaso, ndipo pamenepa ndisawanamizire. Bambo ake a Fatsani atamwalira, anzake a m'chipindamo anaimitsa gemu sabata yathunthu. Ali m'basi kupita kumaliro, iwo ankasinthana kumulankhulitsa mpaka anakafika. Mkazi wa Dokotala atapita padera, anali Fatsani amene ankamufunsa tsiku ndi tsiku ngati wadya. Munthu wosalankhula uja, m'chipindamo ankalankhula, ankaseka, nthawi zina ankaimba. Ankati, "Muno ndiye mwathu."

Fatsani anali ndi mlongo wake, Zione. Zione anakwatiwa ndi Binwell, wogula ndi kugulitsa soya, amene anali ndi kalole kake. Pagulu Binwell anali waulemu, wopereka moni ndi manja awiri. Kunyumba anali chilombo. Kawiri konse Zione anathawira kwa amayi ake nkhope itatupa, ndipo kawiri konse ankhoswe anakhala pansi n'kumubwezera, amvekere banja ndi kupirira.

Kachitatu sanapite kwa amayi ake. Anafika pa shedi m'mawa wina, mkono wamanzere ataukoleka pachitenje, dzanja linalo atagwira mwana wake wamkazi wa zaka zisanu, Takondwa. Binwell anali atamumenya ndi chitsulo cha jeki.

Fatsani anazimitsa makina, anatseka shedi. Anapita naye kuchipatala, kumene anamuika chikhakha, kenaka kupolisi. Binwell anamangidwa. Patapita masiku ochepa anatuluka pa belo, mlandu ukudikira tsiku lake kukhoti. Madzulo a tsiku lomwelo anthu anamumva pa malo ena akunena kuti, "Mkazi amene wandigonetsa pasimenti, ndikadzamupeza adzandidziwa."

Fatsani anaganiza mofatsa. Kwa achibale sikukanatheka, chifukwa Binwell ankadziwa khomo lililonse. Ndiye anakumbukira mayi wina amene anamupangira geti zaka zinayi m'mbuyomo, Mayi Nachuma, namwino wopuma pantchito. Mayiwa ankakhala okha pa Nsanamira, malo a malonda akutali, oti munthu akwere minibasi zitatu kuti akafikeko. Nyumba yawo inali kuseri kwa chigayo. Sanali m'bale, sanali wa mpingo umodzi ndi banjalo, ndipo panalibe akanawaganizira. Atamva nkhaniyo anangoti, "Bwerani nawo, bambo. Chipinda chilipo."

Atawafikitsa, Fatsani anatsanzika. Zione anamuperekeza mpaka pageti, n'kumugwira malaya ndi dzanja labwino lija.

"Achimwene, musauze munthu. Ngakhale amayi."

"Ngakhale amayi?"

"Amayi ali ndi mtima wofewa. Akawalirira aja, aulula. Munthu uja mukumudziwa theka, ine ndikumudziwa yense. Akandipeza sandisiya wamoyo."

"Pakamwa panga sipatuluka kanthu," anatero Fatsani.

Ndipo anasungadi. Amayi ake analira pamaso pake, namufunsa ngati iwo asanduka mdani, koma iye anangoyang'ana pansi. Ankhoswe anamuitanitsa, namuuza kuti akupasula banja la eni. Iye anamvetsera mpaka anamaliza, n'kudzuka kumapita. Abusa anamufunsa mwachikondi kuti akangomuona Zione n'kumupempherera. Anawayankha kuti pemphero limafika ngakhale patali.

Tsiku lina masana magetsi atathima, Binwell anafika pa shedi atanyamula mabotolo awiri a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Anamupeza Fatsani ali pa chitini chake, ali mkati mwa gemu. M'fonimo munkamveka mawu a amuna akukuwa, "Chitsulo, patsira! Chitsulo, menya!" Binwell anaima kumbuyo kwake kanthawi, akuyang'ana pa sikirini, mpaka Fatsani anatembenuka n'kuzimitsa foni.

"Alamu, ine ndabwera ngati mwana wolakwa," anatero Binwell. "Satana anandilowa. Ndingomuona mwana wanga, basi. Ngakhale pa foni."

"Mlandu uli kukhoti, alamu. Mukaonana komweko."

"Magazi anga omwe mundikaniza?"

Fatsani anatola magalasi ake owotcherera n'kuyamba kuwapukuta. Binwell anadikira. Ataona kuti yankho silibwera, anaika botolo limodzi pa benchi, anapereka moni wa manja awiri, n'kumapita. Botolo lija Fatsani analikhuthulira mu ngalande.

Koma chinsinsi ndi katundu, ndipo amene wachisenza yekha chimamuthyola khosi. Fatsani anayamba kuwonda. Chakudya sichinkamukoma. Amayi ake anasiya kumuyankhula, ndipo abale ankamunena kuti ndi wodzikuza. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe woti amuuze kuti wachita bwino. M'gemu anayamba kuluza motsatizana. Lamulungu lina masana, atagoletsedwa zigoli zisanu, Mphenzi anati, "Chitsulo, uyu si iwe. Chavuta n'chiyani, mbale wanga?"

Fatsani anawaganizira anzakewo. Mumtima ankati: Awa ali kutali. Zione sakumudziwa, Binwell sakumudziwa, ngakhale tauni yanga sanafikemo. Kuwauza awa n'chimodzimodzi kuuza mphepo. Ndiponso si anthu wamba, ndi anzanga.

Ndiye analemba. Analemba kuti ali ndi mlongo wake amene mwamuna anamuthyola mkono, kuti wamubisa pamalo ena pamodzi ndi mwana, ndi kuti abale onse amuukira. Dzina sanatchule, malo sanatchule. Anzakewo anamuyankha ndi mtima wonse. Wina anati ndiwe mwamuna. Wina anati mlongo wakenso anaona zomwezo, koma iye analibe wombisa. Tsiku limenelo Fatsani anadya n'kukhuta, koyamba pa milungu itatu.

Mvetserani tsopano mmene zinayendera, chifukwa sizinachitike tsiku limodzi.

Patapita milungu iwiri, Fatsani anapita kukawaona. Linali Lamulungu, tsiku la gemu. Anzake atamusowa anamufunsa, ndipo iye analemba ali m'minibasi kuti, "Lero mundikhululukire, ndili pa Nsanamira kwa achemwali aja, netiweki ikuvuta kuno." Anaiwala kuti walemba.

Mwezi wotsatira Dokotala anafunsa za mkono uja. Anafunsa chifukwa chomukonda. Anati chikhakha chikachoka mkono umafuna kuwongoledwa tsiku lililonse, ndiye alipo womuthandiza? Fatsani anayankha kuti akukhala ndi namwino wopuma pantchito, amene amamuthandiza masiku onse kupatula Lachinayi, chifukwa Lachinayi masana amapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Dokotala anati tsiku limodzi lokha palibe vuto.

Tsiku lochotsa chikhakha Fatsani anali komweko. Takondwa ankadumphadumpha pabwalo chifukwa amayi ake anatha kumunyamulanso. Fatsani anawajambula, n'kutumiza chithunzicho m'chipinda muja kuti anzake asangalale naye. Nkhope ya Zione anaibisa ndi kachizindikiro ka mtima, poti anali munthu wosamala. Koma kumbuyo kwawo, pamwamba pa mpanda, pankaoneka khoma la chigayo, ndipo pakhomalo panalembedwa ndi penti yofiira kuti SITIGONJA.

Mawu atatu amenewa anatalikirana milungu. Pakati pawo panali mauthenga zikwizikwi a zigoli, nthabwala ndi kunyozana kwa masewera. Fatsani sanaganizepo kuti waulula kanthu. Mawu olankhulidwa pakhonde amapita ndi mphepo, ndipo iye ankayesa kuti m'chipindamo ndi pakhonde. Koma apu ija sinkaiwala. Chilichonse chinkakhala pamene chinagwera, ndi tsiku lake, ndi ola lake.

Kenaka Mphenzi anabwera ndi maganizo. Anati asanu ndi awiri atopa kumenyana okhaokha, ndi bwino achite mpikisano waukulu wa Amalawi onse osewera gemuyo. Sanafunse munthu, poti makiyi a chipindacho anali ake. Anangotenga linki yolowera n'kuiika poyera, pa tsamba limene osewera onse amaona. Lolemba anali asanu ndi awiri. Pofika Lachisanu anali mazana atatu.

Fatsani anaona mayina achilendo akuthirika. Anakumbukira uthenga wautali uja wonena za mlongo wake. Anaufufuza, anaupeza, anaufufuta. Koma mayankho a anzake anatsala, ndipo ena mwa iwo anali atabwereza mawu ake poyankha. Amenewo sakanatha kuwafufuta, chifukwa sanali ake. Anayesa kukwera m'mwamba kufuna zina zimene analembapo, chala chinatopa, magetsi anayaka, ndipo panali geti la munthu lofunika mawa lake. Anati, "Ndani angakhale pansi kuwerenga zonsezi? Ndimaliza mawa." Paja Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mawa lija silinafike.

Mwa olowa atsopanowo munali wina wodzitcha Wophunzira. Ameneyu anali Binwell.

Kuyambira tsiku limene anaima kumbuyo kwa mlamu wake pa shedi, Binwell anali ataika gemu ija m'foni mwake. Mpira sankaukonda. Ankangofuna dzina limodzi limene analimva, Chitsulo. Miyezi iwiri anazungulira kunja, osapeza polowera. Linki itaikidwa poyera, analowa ngati wina aliyense. Panalibe womufunsa kuti ndiwe yani, kwanu n'kuti.

Wophunzira sankalankhula ndi mawu. Ankati maikolofoni ya foni yake inafa. Ankangolemba, mwaulemu, ndipo ankasewera moipa kwambiri moti ena ankamuseka. Fatsani sankakonda kuona munthu akusekedwa. Anamutengera pambali n'kuyamba kumuphunzitsa: popatsira dina apa, pomenya dikira kaye, usathamangire mpira ndi osewera onse. Wophunzira ankayankha, "Zikomo aphunzitsi." Fatsani ankamva bwino.

Binwell sanafunsepo funso lililonse lokhudza mlongo wa Chitsulo. Panalibe chifukwa chofunsira. Pamwamba pa chipindacho panali kabokosi kofufuzira mawu, kamene Fatsani sanakagwiritsepo ntchito. Masana ena, ali m'lole yake kudikira kuti anthu amalize kukweza matumba a soya, Binwell analembamo mawu oti "achemwali". Panatuluka Nsanamira. Analemba "mkono". Panatuluka namwino ndi Lachinayi. Anatsegula pamene pamasonkhana zithunzi zonse za m'chipindamo, anatsika nazo pang'onopang'ono, mpaka anaona mwana wake ali m'manja mwa mayi wopanda nkhope. Anachikulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, n'kuwerenga zolembedwa pakhoma.

Zimene ankhoswe, abusa ndi misozi ya mayi zinalephera kutulutsa pa miyezi inayi, iye anazitola matumba asanathe kukwezedwa.

Lachinayi lotsatira, dzuwa lili paliwombo, Mayi Nachuma anavala yunifolomu yawo ya kutchalitchi n'kunyamuka. Anasiya Zione akuchapa kuseri, Takondwa akusewera ndi zitsekerero za mabotolo pakhonde. Linali tsiku la msika, ndipo chigayo chinkalira osapuma. Amayi oposa makumi awiri anali pamzere ndi matumba awo, mpanda umodzi wokha kuwalekanitsa ndi nyumbayo. Palibe anamva kanthu. Mmodzi yekha ndiye anadzakumbukira kuti anaona kalole kataima pansi pa mtengo wa mango, ndi bambo wina waulemu amene anamufunsa ngati nyumba ya anamwino ndi imeneyo.

Mayi Nachuma pobwera anapeza geti lili pululu. Zione anali kwala pafupi ndi beseni, madzi a sopo atasanduka ofiira. Ankapuma. Mwana kunalibe.

Kalole kaja kanapezeka patapita masiku awiri, katasiyidwa pafupi ndi malire a dziko. Binwell ndi Takondwa anali ataoloka.

Zione sanafe. Madokotala anamupulumutsa, koma diso lamanja linatheratu, ndipo mkono uja unathyokanso pamalo awiri. Tsiku lachitatu atatsitsimuka, anafunsa za mwana. Atamuuza, sanalire. Anatembenuzira diso lotsalalo kwa mchimwene wake amene anali chiimire kumiyendo kwa bedi.

"Achimwene, munauza ndani?"

"Palibe, mlongo wanga. Mulungu ndi mboni. Palibe munthu ndinamuuza."

Ankanena zoona monga ankazidziwira. Poti iye anadziona wosalakwa, anayamba kufuna wolakwa kwina. Anaganizira wakabaza amene anawanyamula tsiku loyamba. Anaganizira mwini chigayo. Mapeto ake anawapeza Mayi Nachuma panja pa wodi, atanyamula fulasiki ya phala, n'kuwafunsa pamaso pa anthu kuti kumsonkhano wa amayi kuja ankakambako zotani. Mayiwa anamuyang'ana nthawi yaitali. Anali atasunga alendowo miyezi inayi osalandira kanthu, ndipo ndi iwo amene anatsuka magazi kuseri kwa nyumba yawo.

"Bambo," anatero, "ine ndagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu. Ndikudziwa matenda a theka la anthu a pa Nsanamira. Munamvapo ndikutchula a munthu mmodzi?"

Analowa m'wodi ndi phala lawo.

Sabata yotsatira apolisi anamuitana Fatsani. M'kalole muja anali atapezamo foni, itagwera pansi pa mpando. Wapolisi wofufuza mlanduwo, mayi wa imvi za apo ndi apo, anamukhazika pansi n'kumufunsa ngati akudziwa munthu wotchedwa Chitsulo.

"Ndine," anatero Fatsani, modabwa.

Wapolisiyo anamutembenuzira foni ija. Binwell anali atajambula zonse n'kuzisunga pamodzi. Uthenga wa m'minibasi. Uthenga wa Lachinayi. Chithunzi cha Takondwa, mawu a pakhoma atazunguliridwa ndi mzere. Fatsani anawerenga mawu ake omwe, ndi kalembedwe kake komwe, ndi zilembo zimene ankalakwitsa nthawi zonse. Kenaka wapolisiyo anatsegula apu ija, ndipo pamwamba panaoneka dzina la mwini foni. Wophunzira. Uthenga womaliza unali wa Lachitatu madzulo, wopita kwa Chitsulo. Fatsani ankaukumbukira, chifukwa anauyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Unkati, "Zikomo aphunzitsi, mwandithandiza kwambiri."

Anapempha kuti atuluke panja.

Tsiku lomwelo anaitana anzake asanu ndi mmodzi akale aja pambali n'kuwauza. Dokotala analira mokweza, akuti ndi iye anafunsa za mkono. Mphenzi anati, "Mbale wanga, ine sindinkadziwa kuti olowa kumene amawerenga zakale. Ndinkayesa amayambira pamene alowera. Ndikanadziwa sindikanatsegula." Sankanama. Pa asanu ndi awiri onsewo panalibe amene anamupereka mnzake, ndipo panalibenso amene ankadziwa mmene chipinda chawo chinamangidwira.

Fatsani analembera kampani ya apuyo. Anapempha mphunzitsi wina woyandikana naye kuti amuthandize Chingerezi. Anafotokoza zonse, za mlongo wake, za diso, za mwana. Yankho linabwera mphindi yomweyo, msanga kuposa mmene munthu angawerengere kalata. Linamuthokoza chifukwa cholemba, linati maganizo ake ndi ofunika kwa iwo, ndipo linamulozera ku chikalata chimene anavomereza polowa. Dzina la munthu panalibe.

Mphenzi anafufuta chithunzi chija. Koma chinali chitakhala poyera milungu itatu pakati pa anthu mazana atatu, ndipo panalibe wodziwa kuti chili m'mafoni angati. Lamulungu mpikisano unapitirira. Ochuluka mwa osewerawo sankadziwa kuti Chitsulo ndani, ndipo dzina lake litasowa pa mndandanda anaikapo wina.

Apa Fatsani akanatha kukhala chete. Wapolisi uja sakanamuuza Zione msanga, ndipo Zione anali atamukhulupirira. Koma anakwera minibasi zitatu zija. Anayamba wapita kwa Mayi Nachuma, anagwada pakhonde pawo n'kupepesa. Mayiwa anamva, anagwedeza mutu, anati, "Kauzeni mwini wake." Ndiye anapita kuchipatala, nthawi yoona odwala ya masana. Anagwada pambali pa bedi, odwala ena ndi owadikirira akuona, n'kunena zonse kuyambira pachiyambi, osachotsapo kanthu.

Zione anamvetsera osamudula. Atamaliza, anafunsa ndi mawu otsika.

"Amayi munawakaniza."

"Ndinawakaniza."

"Analira, inu osawauza."

"Eya."

"Ndiye anthu amenewa ndi ndani, achimwene?"

"Anzanga."

"Mayina awo enieni mumawadziwa?"

"Awiri okha."

"Nkhope zawo?"

Fatsani anapukusa mutu.

"Mwana wanga munamuonetsa anthu amene inu simunawaonepo," anatero Zione. Sanakweze mawu, sanatukwane. Anakoka bulangeti ndi dzanja labwino lija mpaka pachibwano. "Takondwa amaopa kugona popanda nyale. Bambo ake sadziwa zimenezo. Sanafunsepo."

Anatseka diso. Belu lotulutsa anthu linalira, Fatsani akadali chogwada.

Anabweranso Loweruka lotsatira atanyamula malalanje. Pabedi paja anapezapo mayi wina wachilendo. Namwino wa m'wodimo anamuuza kuti wodwala wake anatulutsidwa Lachinayi, ndipo anatengedwa ndi amayi ena a bungwe lothandiza ozunzidwa m'mabanja. Kumene anapita sanalembe. Fatsani anathamangira kwa Mayi Nachuma. Anawapeza akuthirira maluwa, ndipo sanamutsegulire geti.

"Ali bwino," anatero. "Akudya, akuyenda. Anati mukabwera ndikuuzeni kuti sakukusungirani chidani. Koma kumene ali anati musadziwe."

"Ndine mchimwene wake, mayi."

"Akudziwa, bambo. Yendani bwino."

Papita zaka zitatu. Takondwa sanapezeke. Fatsani akadawotcherera pa shedi yomwe ija. Kawiri pachaka amatseka, n'kuwoloka malire ndi chithunzi cha mwanayo m'thumba, kukafunsa m'misika ya soya. Amabwerako yekha.

Tsono inu amene mwakhala pano, mafoni ali m'matumba mwanu, ndikufunseni. Simunalonjezepo munthu kuti nkhani yake simuuza wina? Kenaka munakailemba m'gulu, poti m'gulumo ndi anzanu. Mwina ndi anzanudi, ine sindikukana. Koma chipindacho si chanu. Makiyi ali ndi wina, khoma ndi la winanso amene sadziwa n'komwe dzina lanu, ndipo zimene mwalemba lero zidzakhalapobe tsiku limene chitseko chidzatsegulidwe inu osafunsidwa. Sewerani, chezani, sekani, palibe choipa pamenepo. Koma musanatumize mawu kapena chithunzi, dzifunseni kuti: munthu amene ndimamuopa kwambiri atawerenga izi chaka chamawa, avulale ndani? Ngati wovulalayo ndi inu, nkhani ndi yanu, chitani mmene mwafunira. Ngati ndi wina amene anakugwirani malaya n'kukupemphani, chotsanipo chala. Moyo umenewo anangokusungitsani.